Kompyuta Imene Inagona mu Neti ya Mwana Wanga

Amuna anga anachoka m'mawa pa njinga, madzulo anabwera wapansi akukankha wilibala yobwereka. Ine ndinali pakhonde kupeta mpunga, mwana ali kumsana, ndipo maso anga anayamba kufuna njinga asanaone china chilichonse, chifukwa njinga ija ndiyo inkatifikitsa ku chipatala. Njinga kunalibe. M'wilibala munali zinthu zitatu zotuwa zomangidwa ndi mphira wa chubu: chibokosi chachitsulo chong'aluka pakona, china chonga tivi koma chamutu wautali kumbuyo, ndi kathabwa kodzaza mabatani ngati chimanga chosatonola.

"Amake mwana, tsegulani chitseko chonse, mlendo alowe."

"Njinga ili kuti, atate ake?"

"Njinga ndi imeneyi," anatero akusisita chibokosi chija. "Yangosintha maonekedwe."

Zinali m'zaka zija za kumapeto kwa ma 90, mwezi wa Okutobala, pamene ku Chama kumatentha mpaka nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tinkakhala kuseri kwa msika wa pa boma, m'nyumba yaudzu ya chipinda chimodzi ndi kabalaza. Amuna anga ankakonza mawailesi pansi pa mtengo pa msika pomwepo, ndipo ankawakonzadi, sindinganame, anthu ankachokera ku Chifunda ndi wailesi yokulunga m'chitenje kudzawafuna iwo. Manje panali ofesi ina ya pulojekiti ya zaulimi imene inatsekedwa, eni ake nkubwerera ku Lusaka, nkusiya kalaliki mmodzi kuti amalize kugulitsa mipando. Zinthu zitatu zija zinali kompyuta ya mu ofesi imeneyo. Mphezi inailowera kudzera m'mawaya nyengo ya mvula yapitayo, ndiye ponyamula inagwanso pa sitepe. Kalaliki anauza amuna anga kuti chinapsa ndi kanthu kang'ono chabe, munthu wodziwa mawailesi atha kukapeza tsiku limodzi. Amuna anga anamupatsa njinga.

"Ikachira iyi, Chama yense adzabwera pano kudzalembetsa makalata," anatero amuna anga madzulo aja. "Aphunzitsi, ofuna ntchito, a kutchalitchi. Inu muzidzangokhala pakhomo nkumati, abale, pa mzere."

"Nanga malaiti? M'nyumba muno mulibe malaiti."

"Malaiti ndi nkhani ya kutsogolo. Choyamba ichire."

Ine sukulu ndinalekezera giredi sikisi, ndiye za makina ndinalibe chonena. Ndinangokankhira mtsuko wa madzi uko kuti zinthu zija zipeze malo.

M'mawa mwake kalaliki anabwera kudzapereka malangizo. Anabwera pa njinga yathu, akuliza belu lathu, tayi ali pakhosi kutentha konse kuja. Anaima pakati pa balaza nkuyamba kuyang'ana denga, kumene mavu anali atamanga timiphika tawo tadothi, kenako pansi pamene chiswe chinali chitatulukira pakona.

"Amisiri, mumvetse bwino," anatero m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Ichi chinthu chili na adani atatu. Fumbi, kutentha, na tuzilombo. Ku ofesi chinali na nsalu yake yake, manje nsalu ija anapita nayo abwana. Mphemvu imodzi ikalowa mkati, basi, mwataya njinga."

Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula. Ndinaona maso ake akulowa m'menemo, akukwera pabedi, nkuima pa neti. Ndinaona pamene maso aja aima amuna anga asanaone, ndipo ndinasuntha kuti ndiime pachitseko, koma ine ndine wamfupi.

"Aha!" anatero kalaliki. "Amisiri, muli nayo kale."

Ndiyenera kunena za neti imeneyi. Mwana amene ndinali naye kumsana anali wamkazi, wa miyezi inayi, koma sanali woyamba. Woyamba anali wamwamuna. Anafika miyezi isanu ndi iwiri, mano awiri apansi atatuluka, ndiye mvula itagwa thupi linatentha Lachitatu, Lachisanu tinali kumanda. Anesi a ku sikelo anandiuza kuti ndi malungo, ndipo malungo amabwera ndi udzudzu, mwana azigona mu neti. Nditaima kachiwiri ndinapita kukapalira mpunga m'dimba la mkazi wa aphunzitsi ena, mimba ili apa, madzi m'mawondo, mpaka mayi uja anandipatsa neti yake yakale yoyera imene anabwera nayo kuchokera ku Kitwe. Ndinaichapa, ndinasoka timabowo tonse, ndinakhoma ndekha misomali inayi pamwamba pa bedi. Mwana wanga chibadwire anali asanagonepo kunja kwake.

Amuna anga sanachotse neti pa misomali, ayi. Anati misomali ili bwino pamene ilipo, ndiponso pansi pali chiswe. Ananyamula kompyuta, zidutswa zonse zitatu, nkuigoneka pabedi, galasi kumutu, chibokosi pakati, kathabwa ka mabatani kumiyendo, nkutsitsa neti, nkuipisa bwinobwino pansi pa matiresi monga ndinkachitira ine. Ife atatu tinatsikira pa mphasa.

"Ndi masiku ochepa chabe, amake mwana. Udzudzu manje kulibe, kwauma."

Zinali zoona kuti kunali kutauma. Koma ine ndinkadziwa kuti mitambo ikayamba kusonkhana kumapiri a ku Malawi, pamatsala masabata ochepa kuti mvula igwe.

Ndinayesa. Tsiku lachiwiri ndinamugoneka mwana pabedi pambali pa chibokosi, malo analipo, mwana wa miyezi inayi ndi kanthu kochepa. Amuna anga atalowa anamunyamula mofatsa, anamupsompsona pamphumi, chifukwa ankamukonda, musaganize kuti sankamukonda, nkunena kuti mwana amakodza, ndipo chinyontho ndi mdani wachinayi amene kalaliki anaiwala kutchula. Tsiku lachitatu ndinafukiza ndowe zouma za ng'ombe pa phale kuti utsi uthamangitse udzudzu. Anatuluka nalo phale akuthamanga, ati utsi ndi fumbi lomwe, kungoti ndi lotentha, ndiye adani awiri pamodzi. Ndinayesa kumufunda mwana chitenje mpaka kumutu, koma kutentha kwa Okutobala, mwana analira mpaka kusanza. Ndiye chimene chinanditsalira ndi ichi: m'mawa uliwonse kutangocha ndinkatuluka naye panja, ndinkamuvula, nkuyang'ana thupi lonse pa kuwala, m'khwapa, kuseri kwa makutu, pakati pa zala za kumiyendo, kufuna kachiphuphu kofiira. Ndinkaika tsaya langa pamimba pake kuti ndimve ngati watentha. Nthawi zina ankaoneka wotentha chifukwa tsaya langa linali lozizira ndi mantha, ndiye ndinkayesanso ndi tsaya linalo.

Nkhani inafalikira pa msika. Azimayi anzanga anayamba kubwera awiriawiri, akugogoda ndi pakamwa ngati kuli matenda.

"Odi kuno! Tabwera kudzazonda odwala. Agona bwanji?"

"Lowani muwaone."

Ankasuzumira pachitseko nkuomba m'manja. Wina, amene ankagulitsa nsomba zouma, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwana wa amayi, akutengera mkazi mnzako wa ku Lusaka! Woyera, wosalankhula, wosapita kumunda, ndiye wagona pabedi iwe uli pa mphasa. Kodi amuphikira chiyani?"

"Sadya."

"Ndiye amuna onse a mu Chama akamva adzagulitsa njinga!"

Ndinaseka nawo, chifukwa ukapanda kuseka amati wanyada, koma maso anga anali pa mitambo kuseri kwa mitu yawo.

Amuna anga anagwira ntchito, zimenezo ndinaziona ndi maso anga. Masana aliwonse akabwera ku msika ankasamba m'manja, nkulowa mu neti, nkuipisa kumbuyo kwawo, nkukhala m'menemo ndi mswachi wakale, botolo la sipiliti ndi timabawuti m'mbale yanga ya ndiwo. Atatsegula chibokosi anapezamo timiphika tiwiri ta mavu ndi buluzi wouma, wathunthu, ataphanyula miyendo pa thabwa lobiriwira. Anamutulutsa buluzi ndi ulemu nkumuonetsa kwa ine.

"Mwaona? Mwina si mphezi ayi. Mwina ndi ameneyu."

Ananunkhiza kanthu kalikonse, chifukwa iwo chopsa ankachipeza ndi mphuno. Matabwa obiriwira aja anawayala pa lichero langa nkuwaika padzuwa monga ankachitira ndi mabatire otha mphamvu, kenako nkukumbukira kuti kutentha ndi mdani, nkuthamanga nawo kumthunzi, kenako nkuganiza kuti chinyontho cha mphezi chiyenera kuuma, nkuwabwezanso padzuwa. Tsiku limenelo mpunga sindinapete. Lichero linkangoyenda, padzuwa, pamthunzi, padzuwa, ine ndili ndi ntchito yothamangitsa nkhuku.

Sabata yachitatu apongozi anga aakazi anafika kuchokera ku Chikwa pa thirakitala ya anthu a thonje. Anabwera kudzaona mdzukulu, komanso anabweretsa wailesi yawo imene inasiya kulankhula, ati maliro akuwapita osawamva. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati basi, awa ndi mayi, anaberekapo, aona mdzukulu wawo ali pa mphasa ndipo mwana wawo amva mawu. Ndinawalandira mtolo, ndinawapatsa madzi, ndinatsegula chitseko cha kuchipinda dala.

Anasuzumira kuchipinda. Kenako anagwada pang'ono nkuomba m'manja kuloza kubedi.

"Yewo, yewo. Ndiye chinthu chija ndi chimenechi? Cha azungu?"

"Ndi chimenecho, amama," anatero mwana wawo.

"Ndipo mwana wanga ndiwe ukuchikonza? Wekha?" Anatembenukira kwa ine. "Iwe, osamachiyandikira ndi madzi."

"Amama, neti ija ndi ya mwana. Mvula ili pafupi."

"Aa, ife tinakula opanda neti. Ana anga onse anagona pa chikumba."

Ndinafuna kufunsa kuti mwa ana onsewo ndi angati anatsala, chifukwa ndinkadziwa, anabereka asanu ndi awiri ndipo atatu ali pansi pa mtengo ku Chikwa. Koma zimenezo sufunsa apongozi. Ndinatenga mtsuko nkupita ku mjigo, nkulirira kumeneko pa mzere, ndipo azimayi anaganiza kuti ndamenyedwa.

Tsiku loyesa linafika. Malaiti pa boma ankachokera ku injini ya dizilo imene inkalira nthawi zina, nthawi zina ayi, ndipo panali mwini sitolo wina pa msika amene anavomera kuti tikalumikize pamene ankalumikiza firiji yake. Wilibala mwini wake anaikana, ati yatha kubwerekedwa. Ndiye tinasenza. Amuna anga patsogolo ndi chibokosi atachikumbatira pachifuwa, ine pakati, galasi pamutu pa nkhata, mwana kumsana, apongozi kumbuyo ndi kathabwa ka mabatani m'manja awiri ngati mbale ya chopereka. Neti inatsala pabedi yopanda kanthu, ndipo njira yonse ine ndinkangoganiza kuti bedi lili lokha, neti ili yokha, ndikanatha kungobwerera.

Msika wonse unatitsatira. Mwini sitolo anazimitsa firiji nkunena kuti tifulumire, zakumwa zake zisafunde. Amuna anga analumikiza mawaya, anapukuta chala pa buluku, nkudina batani.

Ine ndinapemphera. Mulungu andikhululukire, ndinapemphera kuti chiphulike. Osavulaza munthu, koma chiphulike, chituluke utsi, tibwerere kunyumba. Kapena ngati sichiphulika, chichire tsiku lomwelo, chiyambe kulemba makalata, achitengere kwina kumene kuli malaiti. Zonse ziwiri zinali zabwino kwa ine.

Sichinachite chilichonse mwa ziwirizi. Kumbuyo kwa chibokosi kafani kanayamba kuzungulira, fuu, nkutulutsa fumbi ndi phiko limodzi la mavu. Kenako mkati munalira kanthu katatu, pii, pii, pii. Galasi linakhala lakuda ngati mmene linabwerera, ndipo tonse tinkangoonamo nkhope zathu.

"Ikupuma!" anakuwa amuna anga. "Mwamva? Yalankhula!"

Anthu anaomba m'manja. Apongozi analuluta. Wogulitsa nsomba uja anafunsa kuti yanena chiyani, amuna anga anati yanena kuti pali pamene pakupweteka, koma sinanene kuti ndi pati. Mwini sitolo anazula waya nkubwezera firiji. Tinasenzanso, ndipo pobwerera mphepo inali itasintha, inkanunkha dothi lonyowa la kutali, ine ndinaimva m'mphuno.

Titafika anaigoneka pabedi mosamala kuposa kale. Chinthu chakufa mwina akanatopa nacho. Koma ichi chinali chitapuma pamaso pa msika wonse.

"Tsopano ndadziwa chofunika," anatero akusamba m'manja. "Pakufunika inzake. Inzake yakufa."

Apa ndifotokoze mmene amuna anga ankagwirira ntchito, chifukwa ine ndinkawapititsira chakudya ku msika ndipo ndinkaona. Ku Chama kunalibe sitolo ya zipangizo za wailesi. Wailesi yakufa inkachira ndi wailesi inzake yakufa. Akakhala ndi ziwiri zofanana ankaziika patsogolo pawo, nkuziyang'ana, nkusankha kuti iyi ikhala moyo, iyi ipereka. Yokhala moyo ankaipukuta nkuiphimba ndi nsalu pa shelefu. Yopereka ankaitsegula, nkuchotsamo chofunika, nkuiponya m'katoni pansi pa bedi, yosatseka, pamodzi ndi zinzake, mphemvu zikuyendamo mmene zifunira. Ikangochotsedwa kanthu kamodzi, basi, sinkabwereranso pa shelefu. Ndipo posankha sankayang'ana zamkati. Ankayang'ana nkhope. Ankati munthu salipira wailesi yong'aluka ngakhale iimbe bwanji, ndiye ya thupi labwino ndiyo inkachira, yong'aluka inkapereka, ngakhale zamkati zake zikhale zabwino kuposa za inzake.

Manje iwo anayamba kutumiza mawu kwa madalaivala a malole a ku Lundazi kuti aliyense akamva za kompyuta yakufa awauze. Ine ndinaona kale mmene zidzakhalire: ziwiri pabedi, neti imodzi, ife pa mphasa mpaka mwana adzayambe sukulu, ngati adzafike.

M'mawa wotsatira ndinapeza kachiphuphu kofiira pa tsaya la mwana. Kamodzi. Ndinakayang'ana mpaka maso kuchita mdima. Ndinamusambitsa, ndinamuyamwitsa, ndinaphika phala, kenako ndinakhala pansi pafupi ndi amuna anga pamene ankamwa tiyi pakhonde, nkudzichititsa ngati wopusa, chifukwa wopusa amamuyankha.

"Atate ake, ndifunseko. Inzake ija ikabwera, ndi iti idzapereke?"

"Inzakeyo, nanga."

"Oo. Ndiye inzakeyo idzakhala yong'aluka kuposa iyi?"

Anamwako tiyi.

"Chifukwa iyi yang'aluka pakona paja inagwera pa sitepe. Ndi kumbuyo kuli chilema chakuda cha mphezi. Ine ndimaona ngati pa mawailesi mumati yong'aluka ndiyo ipereka. Kapena pa makompyuta ndi zosiyana, ine sindidziwa."

"Sizosiyana," anatero pang'onopang'ono. "Makina ndi makina."

"Ndiye mwina ili ndi mwayi inzakeyo. Ikapeza kafani kabwino kakuidikira, ndi kaja kolira katatu."

Anaika kapu pansi. Analowa m'chipinda, anakweza neti, anayang'ana mng'alu uja nthawi yaitali, akuyendetsapo chala. Anatuluka nkupita ku msika osamaliza tiyi. Masiku awiri sanalowe mu neti ndi mswachi. Koma neti sanaichotse. Munthu amene msika wonse unamuombera m'manja sangodzuka nkunena kuti ndinalakwitsa wodwala.

Mitambo inali itafika pamwamba pathu, yakuda kumunsi, ndipo madzulo achule anali atayamba kuyesa mawu ku dambo. Ndinalibenso masiku. Ndinapita kwa apongozi, anali pamthunzi akusenda mtedza.

"Amama, wailesi yanu ija akonza?"

"Ati sipika yafa, alibe ina."

"Iii, ndiye mubwerera ku Chikwa opanda wailesi, mvula ikatseka msewu? Maliro onse a dzinja adzakupitani. Anthu adzati amama aja anasiya kulira anzawo chifikire ku boma." Ndinakhala pansi nkuyamba kuwathandiza kusenda. "Koma ine ndinamva ngati m'chinthu chija muli kasipika. Kaja kanalira katatu pa sitolo. Kaya, mwina ndinamva molakwa."

Apongozi anasiya mtedza. Iwo chinthu cha azungu ankachilemekeza, koma maliro ankawalemekeza kuposa. Mwana wawo atangofika anamuitana ndi dzina lake la paubwana, limene ine sindinkaloledwa kulitchula.

"Iwe, m'chinthu chako muli sipika?"

"Kang'ono chabe, amama, si ka wailesi."

"Kamalankhula?"

"Kamalira."

"Ndiye kalire m'wailesi yanga. Chinthu chako chagona mwezi wathunthu osanena kalikonse, ine amako ndikufuna kumva amene wamwalira. Kapena ndinakubereka kuti uzilera zitsulo?"

Anayang'ana amayi ake, anayang'ana ine. Ine ndinali kuyang'ana mtedza. Analowa m'chipinda, ndipo ndinamva kabawuti koyamba kakugwera m'mbale, ngwee. Ndinawerenga mpaka kachinayi.

Kasipika kaja kanali kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Anakawotcherera m'wailesi ya apongozi, nkukamanga ndi ulusi kuti kasagwedezeke, ndipo wailesi inalankhula. Inalankhula ndi mawu aang'ono, a m'mphuno, ngati munthu wotsekeredwa m'chitini, moti apongozi ankaiika pakhutu penipeni nkutseka khutu linalo ndi chala. Tsiku lomwelo anamva za maliro a munthu amene sankamudziwa ku Petauke, ndipo anakhutira.

Madzulo ake amuna anga ananyamula chibokosi, chosatseka, nkuchikankhira pansi pa bedi pambali pa katoni ya mawailesi. Galasi silinakwane, ndiye linapita pakona pa balaza. Kathabwa ka mabatani anakapachika pa msomali.

"Iyi si imene tikukonza," anandiuza ngati akundiphunzitsa. "Iyi ndi yopereka. Yeniyeni ikubwera."

"Oo," ndinatero. "Ndamva, atate ake."

Ndinadikira atuluke, chifukwa sindinafune aone mmene ndinathamangira. Neti inali itang'ambika malo atatu pamene makona a chibokosi ankakoka, ndipo inkanunkha sipiliti. Ndinaichotsa, ndinaichapa, ndinaiyanika pa chingwe ndili chiimire pambali pake ngati wina aiba, ndinasoka mabowo ndi ulusi wakuda chifukwa woyera unatha, ndinaibwezera pa misomali yake. Dzuwa lisanalowe mwana anali mkati, akuyamwa chala cha kumwendo, ine ndikupisa m'mbali kawiri kawiri. Mvula inagwa patapita masiku awiri, yamphamvu, denga linadontha pakona pomwe panali galasi, ndipo palibe anadzuka kukalisuntha. Kachiphuphu ka patsaya kanazilala. Ndinawerenga masiku mpaka sabata ziwiri, tsaya pamimba m'mawa ndi masana, thupi silinatenthe.

Kompyuta ija inatha pang'onopang'ono m'dzinja limenelo. Mawaya ake ofiira ndi achikasu analowa m'mawailesi a theka la Chama. Timabawuti tinagwira chogwirira cha poto wanga. Kafani amuna anga anakalumikiza ku mabatire nkumakaonetsa pa msika, anthu nkumaika nkhope pafupi kuti kawapepese. M'chibokosi nkhuku inaikiramo mazira. Anthu akandifunsa lero ngati kugula makina akufa kuti ukonze nkwanzeru, ine ndimati funsani amisiri, koma muyambe mwaona kuti m'nyumba mwanu adzagona pati.

Mvula itatha, msewu wa ku Lundazi utatseguka, tsiku lina masana ndikuyanika mpunga lole inaima kuseri kwa msika, ndipo dalaivala wina wonenepa anabwera pakhomo akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Odi! Ndi pano pa amisiri a mawailesi? Anatuma mawu chaka chatha. Ku Lundazi kuli kompyuta yakufa, mwini wake akuigulitsa. Yabwino, amai, thupi lonse losalala, ilibe mng'alu ngakhale umodzi. Mawa ndikubwerera, ndikhoza kuwatenga."

Amuna anga anali pa msika, pansi pa mtengo wawo, ndikanakuwa akanandimva. Mwana anali atayamba kukwawa, anali apo akudya dothi.

"Pepani, abambo," ndinatero. "Amisiri aja anasamuka. Anapita ku Chifunda."

"Ku Chifunda? Abwera liti?"

"Sananene. Ati kumeneko mawailesi afa ambiri."

Anakanda m'mutu nkuyang'ana cha ku msika. Ndinathamangira m'nyumba, ndinadzaza kathumba ndi mpunga wopuntha, wonunkhira uja, ndinamuikira m'manja, ndinati mwavutika ulendo wautali, ana akadye. Kenako ndinabereka mwana nkumuperekeza dalaivala uja ndekha mpaka pa lole yake, kudzera njira ya kuseri kwa zimbudzi za msika, kumene mtengo wa amuna anga suonekera, ndipo ndinaima pamenepo mpaka injini inalira.